Anamasulidwa ndani ku Goromonzi?

Aphunzitsi a Chingerezi amaumirira kuti "freed from" ndi "rid of" si mawu amodzi. Oyambawo amanena za munthu amene nsinga zamuchoka. Achiwiriwo amanena za chinthu chosafunika chimene chatayidwa, monga nsikidzi zochotsedwa pamphasa. Mwana wa pasukulu ya Goromonzi, sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda m'dziko la Southern Rhodesia, yotsegulidwa mu 1946, akasokoneza ziwirizi amachongedwa ndi inki yofiira. Andale anazisokoneza dala, ndipo wowachonga sanapezeke.

Kuyambira mu 2000, mafamu olandidwa kwa azungu ku Mashonaland ankatchedwa "liberated". Kuti nthaka inayenera kugawidwanso, palibe wanzeru angatsutse, pakuti lamulo la Land Apportionment la 1930 linali umbava wolembedwa papepala. Koma mneni ameneyu amafuna womasulidwa, ndipo dothi silimva goli. Omva goli anali m'makomboni: antchito othyola fodya ndi kukolola chimanga, mwa iwo munali ana ndi adzukulu ambiri a matchona a ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia, ena obwera ndi Mthandizi. Anthu amenewa, omwe ankavinabe Gule Wamkulu kuseri kwa zigafa, ndiwo anayenera kumva "freed from". Chimene chinawagwera ambiri ndi "rid of": ntchito inatha, nyumba ya pakomboni inalandidwa, ndipo malo anapatsidwa kwa ochepa okha mwa iwo. Kumudzi kobwerera kunalibe.

Mu 2001 lamulo la unzika linawakakamiza kukana unzika wa maiko amene ena sanawapondeko chibadwire, apo ayi akhale "alien" pachitupa, opanda voti. Anzawo ankawanyoza kuti mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Mu 2005, pa chipasupasu cha Murambatsvina, ogumulidwa nyumba ku Harare anaunjikidwa pafamu ya Caledonia, chakum'mawa kwa mzindawo, kumbali ya Goromonzi yomweyo. Pa Chingerezi boma linachitcha Restore Order. Dzina la Chishona ndilo linanena zoona, pakuti limakamba za kukana nyansi.

Malamulo aakulu a 2013 anazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo la m'maiko a SADC, ndipo akukhala momwemo, ndi nzika. Anawabwezera chitupa, osati munda kapena zaka khumi ndi ziwiri zimene anakhala alendo kwawo komwe.