Turbo Imafuna Nzeru

Tikambeko za kuwonjezera mphamvu ya galimoto za turbo.

Mu 1989, kampani ya Nissan ku Japan inatulutsa Skyline GT-R ya injini ya malita 2.6 yokhala ndi ma turbo awiri. Papepala inalembedwa horsepower 280, malire omwe makampani a kumeneko anagwirizana. Amakaniko sanachedwe kuona kuti injiniyo ingapirire mphamvu yoposa pamenepo.

Turbo imazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi, n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini. Mukawonjezera mpweya, petulo nayenso awonjezeke, ndipo kompyuta ya injini ikonzedwe ndi katswiri. Kupanda kutero, moto umaphulika mosalongosoka, pisitoni imatentha mpaka kubooka. Mpweya wopanikizidwa umatenthanso, n'chifukwa chake pamafunika intercooler yokulirapo youziziritsa.

Musaiwale kilatchi, mabuleki ndi matayala. Galimoto yothamanga koma yolephera kuima ndi imfa.

Ndimaikonda ntchito imeneyi ikagwiridwa mwaluso. Koma chonde, liwirolo kaliyesereni kubwalo la mpikisano. Pamsewu pamadutsa ana asukulu.