Bambo wogulitsa nyemba pamsika

Mwana wanga wamkazi atabwera ku holide kuchokera ku Mzuzu, anandisiyira kabuku ka Chingerezi kotchedwa The Betrayers, kolembedwa ndi David Bezmozgis wa ku Canada. Kanatuluka mu 2014. Ndinkati ndiziwerenga pang'onopang'ono, koma kuzizira kwa mu Juni kuno ku Mzimba kunandikhazika pa mbaula masiku awiri, kabuku n'kutha.

Nkhani yake ili motere. Baruch Kotler, nduna ya boma la Israel, wathawira ku Yalta, ku Crimea, ndi chibwenzi chake Leora, zithunzi zawo zitatuluka m'nyuzipepala. Posaka pogona, akugwera m'nyumba ya Vladimir Tankilevich, Myuda mnzake yemwe kalekale, m'nthawi ya Soviet Union, anamunamizira kuti ndi kazitape wa America. Bodza limenelo linakhazika Kotler m'ndende zaka 13.

Ine ndiye ndinakhala bwino pampando, kudikira kuti wopereka mnzake aone polekera. Ayi ndithu, mlembi anandimana zimenezo. Tankilevich wakalamba, ndi wosauka, thupi likukana. Loweruka lililonse amayenda ulendo wautali kupita ku Simferopol kukakwanitsa chiwerengero cha amuna 10 ofunika pa mapemphero a Ayuda, apo ayi kathandizo kamene amalandira kadulidwa. Akuti anapereka Kotler pofuna kupulumutsa m'bale wake amene anali m'manja mwa apolisi achinsinsi a KGB. Nanga Kotler woyerayo? Wasiya kunyumba mkazi wake Miriam, amene anatha zaka akugogoda makomo a akuluakulu kuti mwamuna wake atuluke.

Apa m'pamene kabuku kanandilowa m'nyumba. Amalume anga anali mphunzitsi. M'zaka za chipani chimodzi anayankhula mawu ena pamowa, patangotha masiku ochepa galimoto inabwera usiku. Sanaonekere kukhoti. Anabwerako patatha zaka zitatu, mano akutsogolo palibe, ntchito itapita. Pamowapo panali anthu anayi okha, ndiye mudzi wonse unkadziwa amene anakanena. Agogo mpaka kumwalira sankatchula dzina lake, ankangoti "uja".

Uja alipo. Amagulitsa nyemba pamsika wa pa boma pano, maso achita ng'ala, ndalama amazizindikira pozipapasa. Pa maliro a amalume anabwera, n'kukhala kumbuyo kwenikweni, ndipo nsima anakana. Ine zaka zonsezi ndimalambalala benchi lake.

Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti sindinadzifunsepo kuti iwo uja anamugwira pati. Anali ndi mwana ku sekondale woti akanachotsedwa? Anali ndi mlandu wake umene anamuopseza nawo? Kapena inali njiru chabe, poti amalume anali ndi njinga ndi wailesi? Tankilevich ndinamumvera chisoni msanga chifukwa mano amene anaguluka si a m'bale wanga. Kwa uyu wa nyembayu mtima ukukanabe, ndipo musandifunse ngati ukulakwa.

Lachisanu lapitali ndinaima pa benchi lake. Ndinati, "Monire adada." Anandizindikira mawu, dzanja n'kuyamba kunjenjemera pa mbale yoyezera. Funso linali pakamwa penipeni. Ndinagula mbale ziwiri za nyemba, iye n'kuwonjezerapo dzanja limodzi la basera, ine n'kumapita. Nyembazo zikadali m'jumbo, sindinaziphike.