Mbale ya ku Köln yabweranso: mugule kuti mumve

Owerenga athu okonda nyimbo za jazi adziwa kale kuti mu 2025 kampani ya ECM ya ku Munich inatulutsanso pa mbale za galamafoni The Köln Concert, pokumbukira zaka 50 cijambulire. Ena adandaula kuti uku nkugulitsa cinthu cimodzi kawiri. Ine sindibvomerezana nao, ngakhale cifukwa canga si cija acichula amalonda.

Amalonda amati pa mbale mau amveka bwino koposa. Tsono tifunse, mau ace a limba liti? Pa 24 January 1975, Keith Jarrett atafika ku nyumba ya opera ya mumzinda wa Köln ku Jeremani, anapeza kuti anchito amuikira piyano yolakwika. Iye anapempha Bösendorfer yaikulu, koma inaikidwa inali yaing'ono, yophunzirirapo cabe, yofooka pa mau akulu a kumanzere ndi yolira ngati citini pa mau ang'ono a kumanja. Mwini wace anali wotopa ndi ulendo wa pagalimoto, msana ukumpweteka, ndipo anafuna kukana. Vera Brandes, mtsikana wosakwana zaka 20 amene anakonza msonkhanowo, ndiye anamcondelera kufikira analola. Anayamba nthawi ya 23.30, pamaso pa anthu pafupifupi 1,400.

Palibe singano, ngakhale ya mtengo wapatali cotani, imene ingasandutse piyano ija kukhala yabwino. Cimene timva m'mbaleyi ndi munthu wolimbana ndi cipangizo copunduka: akhala pakati pa limbalo, dzanja lamanzere libwereza kamayimbidwe kamodzi kosalekeza kuti mau afike kwa okhala kumbuyo, ndipo nthawi zina iye mwini abuula. Pafupifupi zonse anazipeka pomwepo, wopanda pepala patsogolo pace.

Ubwino wa mbale uli pena. Mbali yoyamba itenga mphindi 26, ndipo munthu akaika singano sayenda-yenda. Akhala pansi monga anakhalira aja a ku Köln. Pa lamya ya m'manja nyimbo yomweyi yasanduka yoperekeza kutsuka mbale za nsima ndi kuwerenga makalata, mwina munthu osazindikira ndi pamene yathera. Ndibvomereza kuti mbale ili ndi colakwa cace: cigawo caciwiri cinadulidwa pakati kuti cikwane, motero muyenera kunyamuka kukasintha mbale pamene woyimba sanaime konse. Nzonyansa ndithu, koma wonyamukayo ndiye kuti anali kumvetsera.

Cina ndi ici. Mu 2018 Jarrett anadwala sitiroko kawiri, ndipo mbali yace ya kumanzere inafooka. Mu 2020 ananena poyera kuti sayembekeza kudzayimbanso pamaso pa anthu. Dzanja lija linanyamula usiku wonse wa ku Köln siligwiranso nchito yace yakale. Ndico cace cindiwawa kumva kuti alipo ogula mbale zotere osazitsegula ndi m'pepala momwe, nazisunga kuti mtengo ukwere. Kumeneko nkuika mbeu m'nkhokwe mvula ili kugwa.

Mbaleyi inagulidwa kale koposa mamiliyoni atatu, ndipo palibe mbale ina ya piyano yokha ya jazi inafikapo. Ameneyo Manfred Eicher, mwini ECM, sasowa ndalama zanu. Ngati mulibe galamafoni, musabvutike. Imveni pa ciliconse muli naco, koma mutseke citseko. Ngati muli nayo, pukutani pfumbi pa singano, muyambe ndi mbali yoyamba, ndipo mucere khutu pa mau oyambirira: mudzamva ena mwa omvera alikuseka pang'ono.