Agogo sanagwe m'ndege, akudwala

Anzanga a m'gulu lino, gogo akapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, nsalu ili m'manja, kwawo osakudziwa, mumati chiyani? "Agwa m'ndege ya ufiti!" Basi miyala, zibonga, mafoni m'mwamba. Woganiza zowafunditsa chitenje palibe.

Amenewo ndi matenda oiwalaiwala, madokotala amati dementia. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono. Munthu amaiwala kuti wadya, amasokoneza usiku ndi usana, amanyamuka kukafuna mudzi womwe anakulira. Mukamuopseza kuti avomere ufiti amavomeradi, poti funsolo sakulitsata. Gwero lake lalikulu ndi nthenda ya Alzheimer, koma sitiroko, BP, shuga ndi uchidakwa nazo zimathandizira. Bungwe la WHO limati odwala ndi oposa 55 miliyoni padziko lonse, ambiri m'mayiko osalemera.

Malamulo tili nawo. La ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe mu 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi mphenzi itapha mtsikana. Mu 2024 aphungu anavomereza lamulo loteteza achikulire. Chabwino. Nanga lamulolo limasambitsa gogo?

Taganizirani wodwala wotere kwa Katunga ku Chikwawa. Dzuwa la kuchigwa mukulidziwa, ndipo iye amaiwala kumwa madzi. Akasochera, uku minda ya nzimbe ya Kasinthula, uku Shire ndi ng'ona zake. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anathamangitsira mabanja m'makampu, chonsecho wodwalayu ukamuchotsa pamalo pomwe anazolowera, mutu umasokonekeratu. Chipatala cha boma cha matenda a m'mutu chili ku Zomba. Thiransipoti alipira ndani? Mtolo wonse umagwera mwana wamkazi kapena mdzukulu, sukulu n'kuthera pomwepo.

Mwina muti, "Nanga si matendawa alibe mankhwala?" Zoona, ochiziratu kulibe. Koma BP imayezedwa, shuga amachepetsedwa, banja limaphunzitsidwa kasamalidwe.

Ndiye ine ndikuti tikufuna sikelo ya agogo. Alangizi a zaumoyo amafika kale m'midzi kukayeza ana. Aphunzitsidwe kuyezanso okalamba, kuwafunsa timafunso ta kukumbukira, ndi kutumiza ofunika dokotala ku chipatala cha boma cha Chikwawa. Anyakwawa alembe mayina a odwala, mudzi udziwe kuti ukawapeza panjira n'kuwagwira dzanja kuwaperekeza kwawo. A Mtukula Pakhomo asalumphe mabanja amenewa. Abusa, musanayambe kutulutsa ziwanda, funsani kaye ngati agogowo adya.

Nafenso alembi tisazembe. Ndi nthano zingati m'gulu muno zomwe nkhalamba ya maso ofiira imakhala mfiti? Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kwinaku zolemba zathu zikukolezera moto womwewo. Sabata yamawa wina atilembere gogo woiwala dzina la mwana wake, ndi mwanayo akumuphikirabe phala.