Fisi Sagulitsa Tochi pa Msika wa Kapata

Amai ndi atate a m'misika, inu a ku Kapata ndi Saturday Market ku Chipata, inu a ku Soweto ndi City Market ku Lusaka! Lero tikamba nanu nkhani ya ku chigwa, ku Mambwe. Musafulumire kunena kuti "izo ni za azungu, ise tili pa tomato." Nkhani iyi imayambira mu thengo la Luangwa koma imathera pa tebulo panu.

Chaka chilichonse, kuyambira June mpaka October, mvula ikatha ndipo udzu wauma, alendo amabwera ku South Luangwa kudzaona nyama akuyenda wapansi. Ena amayenda masiku angapo, kuchoka pa kampu iyi kukagona pa ina, m'mbali mwa Luangwa kapena Mupamadzi. Patsogolo pamakhala sikauti wa DNPW ndi mfuti, kenako wowaperekeza wodziwa nyama, kumbuyo mnyamata wonyamula madzi ndi tiyi. Makampu ambiri ni a bango ndi udzu, ena ni matenti chabe. Palibe mpanda, palibe loko ya nzeru. Shuga, mafuta ophikira, mpunga, ma batire, tochi, nsapato, foni, ma binoculars, zonse zimagona pamenepo.

Akuba akale a kumeneko timawadziwa. Nyani amalanda buledi pa tebulo munthu akuona. Pusi amatsegula chitini cha shuga ngati anapita ku sukulu. Fisi amatenga nsapato yosiyidwa panja, ngakhale poto wonunkha mafuta. Amenewa sitingawatengere ku khoti. Koma fisi sadziwa njira ya ku Chipata. Fisi sakwera minibasi pa Cropping ndi chikwama cha mlendo. Mukaona mnyamata waima pa sitandi panu ndi tochi ya pamphumi yatsopano, power bank yolemera, kapena ma binoculars, nkumati "amai, ndipatseniko chabe K150, ndili ndi vuto," dziwani kuti katundu uyo anayenda ndi miyendo iwiri.

Tikudziwa chomwe chimakukokani. Bizinesi yavuta, levy ya khonsolo sidikira, ana afuna ndalama ya transport. Chinthu cha K1,000 chikabwera pa K150, mtima umagunda. Koma tiyeni tilondole tochi ija kubwerera komwe yachokera, tione amene walira.

Mlendo sanalire. Iye ali ndi inshuwalansi, akafika kwawo adzagula ina. Wolira ni wophika wa pa kampu paja, kapena wochapa, kapena mlonda, mwana wa kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya. Chinthu chikasowa pa kampu ya anthu ochepa, abwana samayang'ana kutali. Amayang'ana anchito. Wolakwa atapezeka kapena asapezeke, chaka chamawa dzina la wina silidzakhala pa mndandanda. Ndipo nchito ya m'makampu awa ni ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, yoti idyetse banja miyezi 12. Munthu ameneyo akalandira, ndalama amabwera nayo kuti? Kwa inu. Salaula ya ana, chitenge cha amai, malata, njinga, feteleza. Mwapindula K850 pa tochi, mwataya kasitomala wa zaka khumi.

Komanso mlendo wobedwa sakhala chete. Amalemba pa intaneti, anzake ku London ndi ku New York amawerenga, nkusankha Botswana kapena Tanzania. Bedi likakhala lopanda munthu, loji siigula mazira, repu, anyezi ndi tomato. Amene munagulitsa mu 2020 mukukumbukira. Covid itatseka ndege, makampu anatseka, anchito anabwezedwa ku midzi, ndipo msika wa Mfuwe unazizira ngati pamaliro.

Lamulo nalonso silimuona wogula ngati wosalakwa. Penal Code ya dziko lino imati wolandira katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa choganizira, kuti ngwakuba, akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 7. Wakuba uja adzakhala atathawira kwa malume ake. Apolisi adzapeza inu, chifukwa sitandi sithawa.

Apa ndiye mbali yanu yathera. Manje tiyeni kwa eni mphamvu, pakuti ife a chipani chotsutsa sitinabwere kudzakalipira amai a pa msika nkusiya boma likumwa tiyi.

Mu 1950, Norman Carr anakambirana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule malo osungirako nyama, ndipo ndalama zomwe alendo ankalipira pa kampu ya Nsefu zinkapita ku ulamuliro wa Akunda eni ake. Pangano loyamba linali limenelo: nyama zikhale, anthu adyepo. Paki inakhazikitsidwa mu 1972, malo oposa masikweya kilomita 9,000. Lamulo la nyama la 2015 linachotsa ZAWA nkubweretsa DNPW, dipatimenti ya boma, ndipo ndalama yomwe mlendo amalipira pa geti imapita ku thumba lalikulu ku Lusaka. Chomwe chimabwerera kwa anthu kudzera m'ma Community Resources Board chimachokera makamaka kwa osaka nyama m'dera la Lupande, ndipo ma CRB akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti gawo lawo limachedwa. Likachedwa, ma sikauti a m'midzi amene amadalira ndalama imeneyo amadikira malipiro. Mlonda wanjala mumamuuza bwanji kuti agone maso?

Ndiye pali wakuba wamkulu amene palibe amamutchula dzina limenelo. Njovu ikalowa m'munda kwa Nsefu kapena kwa Malama, usiku umodzi imamaliza chimanga cha chaka. Ikamva fungo, imagwetsa nkhokwe, nthawi zina ndi khoma la nyumba lomwe. Mlimi amagona ku munda akuomba zitini, ena amaika mpanda wa tsabola mothandizidwa ndi a Conservation South Luangwa. Mbewu zikapita, chipukuta misozi kuchokera ku boma palibe. Njovu yomweyo mu November, mango a kuthengo akapsa, imadutsa pa reception ya Mfuwe Lodge, alendo nkujambula, dziko lonse nkuombera m'manja. Yokongola pa foni ya mlendo, koma mai wa kwa Mnkhanya amaidziwa ndi dzina lina.

Onjezanipo chilala. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Inu nomwe munaona thumba la unga la 25kg likudutsa K300, makasitomala akusiya thumba nkuyamba kugula pamela. Ngati mu tauni munali choncho, ganizirani ku chigwa, komwe munda wopulumuka dzuwa umadikiranso njovu. Mnyamata akudutsa pafupi ndi sitolo ya kampu yodzaza mpunga ndi mafuta, kunyumba ana agona ndi madzi. Sitikuti akabe. Akaba amangidwe, ndipo tanena kale amene amavulala. Koma boma lomwe limatenga madola pa geti nkusiya mudzi wa pafupi ndi getiyo wopanda kanthu, likufesa mbala ndi manja ake.

Adzakuyankhani ati CDF. Inde, CDF inakwera kufika K25.7 million mu 2022, ndipo Malambo imalandira. Koma Kabwata nayonso imalandira, Matero imalandira, ndipo sitinamvepo kuti njovu yagwetsa nkhokwe ku Matero. CDF ni ya aliyense. Anthu a mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda, Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, akusenza katundu amene ena sasenza, ndipo malipiro a katundu ameneyo ni nkhani ina.

Zomwe tikufuna sizovuta. Unduna wa zokopa alendo ulembe poyera, chaka ndi chaka, ndalama zomwe South Luangwa yatolera ndi zomwe zabwerera ku Mambwe, pepala lipachikidwe pa boma ndi pa Cropping, aliyense awerenge. Gawo la ma CRB lituluke pa tsiku lodziwika. Pa ndalama ya pa geti padulidwe kagawo ka thumba lolipira mlimi amene nyama zamudyera munda. Nyumba ya malamulo ikhoza kuchita izi ikafuna.

Inu pakadali pano, mnyamata wa tochi uja akabwera, mufunseni risiti. Akayamba kuyang'ana kumbali, itanani a chairman a msika. Ndipo a boma akadzafika pa msika ndi zitenge ndi nyimbo, musawafunse za chimbudzi ndi levy zokha. Afunseninso kuti chaka chatha geti ya Mfuwe inatolera zingati, ndipo zingati zinafika kwa Kakumbi.