Akuti Filosofi Sadyetsa: Moyo wa Otto Neurath Ukutsutsa

Mwana akasankhidwa kukaphunzira filosofi ku Zomba, mawu omwe amazungulira pamsika wa Chisemphere ndi m'mafoni ndi amodzimodzi: amenewo ndi maphunziro a anthu okhuta, sadyetsa, sangawonjezere ngakhale belo limodzi la fodya. Kholo limene lagulitsa fodya wake ku Chinkhoma kuti lilipire fizi liyenera kufunsa ndithu. Koma yankho lomwe likupatsidwalo ndi lolakwika.

Moyo wa katswiri wa filosofi Otto Neurath ukutsutsa maganizo amenewa. Iye anabadwira ku Vienna mu 1882. Mu 1929 iye pamodzi ndi Rudolf Carnap ndi Hans Hahn anatulutsa kabuku kolongosola zolinga za gulu la Vienna Circle. Phata la maganizo awo linali lakuti mawu onena za zinthu za m'dziko azikhala oti munthu atha kuwayesa ndi zowoneka, zowerengeka kapena zopimika.

Mfundo imeneyi mlimi wa fodya wa bale amaifuna chaka chilichonse. Venda akabwera ndi botolo n'kunena kuti mankhwalawa amadzutsa nthaka, funso la Neurath n'lakuti: kudzutsako tikuwonera chiyani? Athira m'mizere ingati, asiya ingati yoyerekezera, ndipo sikelo yanena makilogalamu angati uku ndi uku? Wogulitsa amene sangayankhe wangokometsa pakamwa. Alangizi a ARET pa munda wachitsanzo ndi akatswiri a ku Chitedze amagwira ntchito motsata nzeru yomweyi, ngakhale saitchula kuti filosofi.

Zoti filosofi ndi ya anthu okhuta ndiye ayi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ku Vienna kunali njala ndipo nyumba zinkasowa. Anthu anayamba kulima timinda kunja kwa mzinda n'kudzimangira pokhala, ndipo Neurath anali mmodzi mwa otsogolera bungwe lawo. Mu 1925 anatsegula nyumba yophunzitsira anthu wamba za chuma ndi umoyo kudzera m'zithunzi. Mothandizana ndi Marie Reidemeister komanso wojambula Gerd Arntz, anakonza njira yodziwika lero kuti Isotype. Lamulo lake n'losavuta: kachithunzi kamodzi kaimire kuchuluka kokhazikika, ndipo zinthu zikachuluka, tizithunzi tichuluke m'malo mojambula chimodzi chachikulu. Tenanti wosadziwa kuwerenga atapatsidwa pepala lotere, mabelo mzere umodzi, ngongole ya feteleza ndi chimanga mzere wina, angadziwonere yekha ngati wadyeredwa masuku pamutu.

N'zoona kuti gulu la Vienna Circle linatsutsidwa, ndipo Karl Popper ndi W. V. O. Quine anaonetsa pofooka pake. Neurath mwini sankakhulupirira kuti sayansi ili ndi maziko osagwedezeka. Ankaiyerekeza ndi ngalawa yomwe amalinyero akuikonza ili pakati pa nyanja.

Ndale zitavuta ku Vienna mu 1934, Neurath anasamukira ku The Hague. Mu 1940 iye ndi Marie anathawa asilikali a Germany pa kabwato n'kukafika ku England, komwe anayamba asungidwa pa chilumba cha Isle of Man. Anakwatirana atatulutsidwa, ndipo Neurath anamwalira ku Oxford mu 1945. M'zaka za m'ma 1950 Marie anapita ndi Isotype ku Nigeria, komwe anakonza timabuku ta zithunzi tofotokozera anthu a chigawo chakumadzulo za sukulu, zaumoyo, ulimi ndi kavotedwe.