Njinga ya pa kamera si bajeti

Achinyamata anzathu m'magulu monse,

Nyengo ya bajeti ikafika, nyimbo ya akuluakulu imakhala yomwe ija: ndalama n'zochepa, tiyambe tathana ndi zofunika, za anthu aulumali tiona m'tsogolo. M'tsogolo mwake liti? Mwana wosaona amene watha temu yonse popanda buku la Braille adikire mpaka liti?

Tamverani manambala, chifukwa amafuna tiziganiza kuti ndi kagulu kochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, 10 ali ndi ulumali. Ndi anthu opitirira 1.5 miliyoni amenewo, kuposa onse okhala mumzinda wa Lilongwe. Achialubino okha analipo 134,636.

Malamulo ndiye alipo mbwee. Mu 2009 Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, momwe munalinso thumba la ndalama la Disability Trust Fund. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano, MACOHA n'kusanduka MACODA. Zabwino. Koma lamulo lopanda ndalama ndi pepala basi, ndipo kusintha dzina pachikwangwani sikulipira womasulira chinenero chamanja kuchipatala. Mayi wosamva akafika kwa dokotala amalozabe pamimba ndi chala, dokotala n'kumangoganizira.

Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Zothandizira kumva, mapepala a Braille, mafuta oteteza khungu la achialubino ku dzuwa, zambiri mwa izi zimagulidwa kunja. Ndiye wina akaima n'kunena kuti "sitinadule, tasiya momwemo," dziwani kuti wadula. Ndipo mafuta amenewo si odzikongoletsera ayi. Akasowa, chotsatira ndi khansa ya pakhungu.

Chimene chimatinyansa kwambiri n'ichi: yemweyo amene sayasamula n'komwe m'Nyumba ya Malamulo nkhaniyi ikatuluka, kampeni ikayandikira amatulukira ndi njinga zisanu za anthu aulumali, atolankhani ali pambuyo, azimayi akuvina. Chithunzi pa Facebook, basi wapita. Tayala likaphulika mwezi wamawa akonze ndani? Kuofesi ya boma yopanda polowera njinga munthuyo akalowa bwanji, amunyamule ngati thumba la chimanga? Za maalawansi ndi magalimoto atsopano sitinamvepo kuti zidikire m'tsogolo.

Ena akuti asiyireni mipingo ndi mabungwe akunja. Eti? Mwaona nokha mu 2025, America itadula thandizo lake, momwe ntchito zina zinaimira tsiku limodzi. Munthu waulumali amadula msonkho ngati tonsefe, pa sopo, pa mayunitsi, pa bandulo yomwe mukuwerengera uthengawu. Sakupempha chifundo, akufuna gawo lake.

Ndipo iwe amene ukuti sizikukukhudza, aise, umakwera kabaza tsiku lililonse, wopanda chipewa. Ngozi imodzi pa Chipembere Highway, mawa ndiwe ukufunsa mtengo wa ndodo zoyendera.

Ifenso tisadziyeretse. Misonkhano yathu ingapo tachitira m'chipinda cham'mwamba chokwera masitepe, popanda womasulira, ndipo anzathu aulumali anatiuza maso ndi maso kuti tikulankhula za iwo, iwo ali panja. Ananena zoona. Kuyambira pano msonkhano wopanda polowera njinga ndi womasulira sitichita, ndipo pa nkhani iyi maikolofoni ayamba kugwira ndi iwo.

Ntchito ya sabata ino: pezani phungu wa dera lanu, kaya pa foni, kaya kuofesi kwake, mumufunse kuti MACODA yapatsidwa zingati mu bajeti, zingati zafikadi, nanga sukulu za ana ofunika maphunziro apadera zalandira chiyani. Mwaulemu, osatukwana. Akayankha, jambulani yankholo mutitumizire. Akakhala chete, tiuzeninso, tilemba dzina la dera lake pamndandanda womwe titulutse.

Tumizani uthengawu ku magulu anu onse. Amene muli ndi mnzanu wosaona, mujambulireni pa voice note.